Moto Wogona M'phulusa: Za Kubadwanso kwa Nzeru

Mafumu athu, abusa ndi akulu a mpingo, aphunzitsi anzanga, amayi ndi abambo, ndi inu ana asukulu amene mwadzaza mabenchi akumbuyoko, ndiyambe ndi kuthokoza kuti mwasiya makasu ndi mabuku anu, ena kuchokera ku Nathenje, ena kutali ku Mitundu, kudzakhala pansi patsinde pa phiri la Nkhoma lino kuti timve pamodzi mbiri ya anthu akutali amene anakhalako kale. Ndapemphedwa kukamba za nyengo imene Azungu amaitcha Renaissance, liwu la Chifalansa lotanthauza kubadwanso, ndiyo nyengo imene luso la manja, kufufuza za chilengedwe ndi maphunziro zinadzukanso ku Ulaya, kuyambira m'zaka za m'ma 1300 kufikira m'zaka za m'ma 1600. Ndipo ngakhale mayina amene nditchule ali achilendo m'makutu mwathu, ndikhulupirira kuti tisanabalalike mudzaona kuti nkhaniyi ifika mpaka pakhomo pathu.

Inu amene munakulira kumudzi machesi asanachuluke mukumbukira mmene amayi athu ankasungira moto. Agogo anga, dzuwa likalowa ndi nsima itadyedwa, ankasankha chikuni cholimba cha muwanga, nachikankhira pakati pa mafuwa, nachikwirira ndi phulusa, kotero kuti mlendo wolowa usiku akanati m'nyumbamo mulibe moto. Koma mbandakucha, tambala atalira kachiwiri, ankafukula phulusalo ndi kamtengo, napeza khala lofiira ngati diso la njiwa, naikapo tiudzu touma, nagwada, nauzira mosapupuluma kufikira lawi litabuka. Tsiku limene chikuni chazimiratu, mwana ankatumidwa ndi phale kukapala moto kwa anansi, ndipo panalibe amene ankachita nazo manyazi. Sungani chithunzi chimenechi m'mitima mwanu, pakuti mbiri yonse imene nditi ndifotokoze ili m'menemo.

Ufumu wa Aroma wa kumadzulo utagwa m'chaka cha 476, misewu inamera thengo, mizinda inachepa anthu, sukulu zambiri zinatsekedwa, ndipo mabuku a Agiriki ndi Aroma, amene munali nzeru za mankhwala, za nyenyezi, za malamulo ndi za mawerengero, anamwazika monga nkhuku zoona kabawi. Ena amati zaka zotsatirazo zinali mdima wokhawokha, koma kutero ndi kuwalakwira anthu a nthawiyo, popeza m'nyumba za amonke munali anthu odekha amene ankakhala tsiku lonse akukopera mabuku ndi nthenga pa zikopa za nkhosa ndi ana a ng'ombe, Baibulo limodzi n'kuwatengera chaka kapena kupitirira. Ndiponso m'zaka zomwezo munabadwa sukulu zaukachenjede za ku Bologna, ku Paris ndi ku Oxford. Chikuni chinali chamoyo. Chosowa chinali chakuti buku linali la mtengo wogula munda, lolembedwa m'Chilatini chimene mlimi ndi mmisiri sankachimva, ndipo wophunzira ankayesedwa wanzeru akaloweza zimene akale ananena, osafunsa ngati zinalidi choncho.

Pamene ku Ulaya moto unali m'phulusa, kwa anansi awo unali kuyaka. Ku Baghdad, m'zaka za m'ma 800, mafumu a Chisilamu anasonkhanitsa akatswiri, Asilamu, Akhristu ndi Ayuda, kuti amasulire mabuku a Chigiriki m'Chiarabu; komweko al-Khwarizmi analemba buku limene linapatsa dzina masamu a alijebura amene ana athu alimbana nawo lero; Ibn Sina wa ku Perisiya analemba buku la zamankhwala limene madokotala a ku Ulaya anaphunzira kwa zaka mazana; ndipo manambala amene timalemba pamsika powerengera tomato anachokera ku India, nadzera m'manja mwa Aarabu, monganso pepala, limene linatulukira ku China. M'zaka za m'ma 1100 ophunzira a ku Ulaya anatenga phale lawo napita ku Toledo, m'dziko la Spain, kukamasulira mabuku amenewa kuchokera m'Chiarabu kupita m'Chilatini. Makolo athu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo mtundu umene uyesa kuti nzeru zonse zinabadwira m'bwalo lake udzagona ndi nsima yosapsa.

Lawi lenileni linabuka ku Italy, ndipo linabuka pakati pa maliro. Kuyambira m'chaka cha 1347 mliri woopsa unasesa Ulaya, nupha pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse, kotero kuti otsala, poona kuti nzeru zimene ankadalira sizinawatchinjirize, anayamba kufunsa mafunso atsopano. Mliriwo usanafike, m'chaka cha 1345, mlakatuli wina dzina lake Petrarch, pofufuza m'nyumba ya mabuku ya tchalitchi cha ku Verona, anapeza makalata a Cicero, mkulu wa Aroma amene anamwalira Ambuye wathu asanabadwe. Ndipo powawerenga anamva ngati munthu wamoyo akumuyankhula, wodandaula, wokonda abwenzi ake, wodera nkhawa dziko lake. Anthu ena anatengera chitsanzo chake, nayendayenda m'nyumba za amonke kufukula mabuku odyedwa ndi njenjete. M'chaka cha 1397 Mgiriki wina, Manuel Chrysoloras, amene mzinda wa Florence unamuitana, anayamba kuphunzitsa mumzindamo chilankhulo cha kwawo. Ndipo mzinda wa Constantinople utagwa m'manja mwa Aturuki m'chaka cha 1453, ophunzira enanso anathawira ku Italy atasenza mabuku awo monga mayi asenza mbewu pothawa nkhondo. Amalonda olemera a ku Florence, makamaka banja la Medici, anatsegula matumba awo, nalipira okopera mabuku, osema miyala ndi ojambula zithunzi. Achinyamata a masiku ano amakonda mwambi wakuti tsobola wakale sawawa. Koma anthu a ku Italy anatsimikiza mwambi unzake, wakuti mawu a akulu akoma akagonera, pakuti mawu amene anagonera zaka zoposa 1,000 ndiwo anawadzutsa.

Komatu akadangolekeza pa kulemekeza akale, sitikadawakumbukira lero. Chimene chinapatsa nyengoyi mphamvu n'chakuti, atamva za akale, anatsegula maso awo kuti aone okha. Filippo Brunelleschi anapita kukayeza mabwinja a ku Roma, ndipo atabwerera kwawo ku Florence anamanga denga lozungulira la tchalitchi chachikulu cha mumzindamo, kuyambira 1420 kufikira 1436, ndi njerwa zoposa 4 miliyoni, popanda nsanamira zolichirikiza kuchokera pansi. Denga limenelo lilipo mpaka lero, ndipo inu oumba njerwa ndi omanga nyumba mudziwa kuti chimenecho si chinthu chapafupi. Leonardo da Vinci ankadzaza timabuku take ndi zithunzi za mapiko a mbalame, za kayendedwe ka madzi ndi za minofu ya munthu, pofuna kudziwa chifukwa chake chinthu chilichonse chili monga chiliri. Michelangelo anagwira ntchito zaka zinayi, kuyambira 1508 kufikira 1512, ali pansanja, khosi lili chagada, akujambula mbiri ya Genesis kudenga la nyumba yopemphereramo ku Roma.

Chaka cha 1543 chinabala mabuku awiri amene ndifuna ana asukulu awakumbukire. Loyamba linali la Andreas Vesalius, mphunzitsi wa zamankhwala ku Padua. Kwa zaka zoposa 1,300 madokotala ankakhulupirira zonse zimene analemba Galen, sing'anga wamkulu wa nthawi ya Aroma, osadziwa kuti iyeyo ankatumbula anyani ndi nkhumba, nayerekeza kuti munthu ali chimodzimodzi. Galen anaphunzitsa kuti nsagwada ya m'munsi ya munthu ili ndi mafupa awiri. Vesalius anatenga chigaza m'manja mwake, nachitembenuza, naona kuti fupalo ndi limodzi. Gwirani chibwano chanu tsopano lino, muyendetse chala kuchokera kukhutu kufikira kukhutu linzake: choonadi chimenecho chinali pankhope pa dokotala aliyense zaka zonsezo, koma chinadikira munthu wolimba mtima wokhulupirira maso ake. Buku lachiwiri linali la Nicolaus Copernicus wa ku Poland, lonena kuti dziko lathu ndilo lizungulira dzuwa. Patapita zaka, m'chaka cha 1610, Galileo analoza kumwamba chipangizo chake cha magalasi, naona kuti Nthanda, nyenyezi yomweyi imene imadzutsa alimi athu mbandakucha, imakula ndi kuchepa monga uchitira mwezi, chimene sichikanatheka ikadapanda kuzungulira dzuwa. Anazengedwa mlandu chifukwa cha zimenezi m'chaka cha 1633, koma Nthanda sinasinthe mayendedwe ake.

Zonsezi zikadakhala chuma cha anthu owerengeka pakadapanda mmisiri wa zitsulo wa ku Mainz, m'dziko la Germany, Johannes Gutenberg, amene anapeza njira youmba zilembo za mtovu chimodzichimodzi. Wosanja zilembo ankaima patsogolo pa bokosi la timagawo tambirimbiri, natola chilembo ndi zala ziwiri, nachiika chozondoka m'kachitsulo ka m'dzanja lake, mawu n'kumayenda chobwerera m'mbuyo. Tsamba likakwana ankalimanga zolimba, nalipaka inki, naikapo pepala, nalipsinja. Ndipo ntchito ikatha zilembo zomwezo ankazibwezera m'timagawo tawo kuti mawa zinene zina. Cha m'ma 1455 anatulutsa Mabaibulo pafupifupi 180, ntchito imene ikadatha moyo wonse wa amonke ambiri. M'chaka cha 1516 Erasmus anasindikiza Chipangano Chatsopano m'Chigiriki, chilankhulo chimene atumwi analembamo. M'chaka cha 1522 Martin Luther anachitulutsa m'Chijeremani. Ndipo William Tyndale, amene anachimasulira m'Chingerezi, anaphedwa chifukwa cha ntchitoyo m'chaka cha 1536. Apa ndipo moto unatuluka m'nyumba za akuluakulu nulowa m'makhitchini a anthu wamba, pakuti nzeru imene siyankhula chilankhulo cha mayi wako ikhala mlendo wogona pakhonde.

Sindingakhale mboni yokhulupirika ndikabisa mbali yowawa ya mbiri imeneyi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Nzeru zomwezo za nyenyezi ndi za mapu zinayendetsa zombo za Apwitikizi kuzungulira Africa, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1530 iwo anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, pakhomo penipeni pa dziko la Amaravi. Zombo za ku Ulaya zinadzetsa ku Africa chimanga ndi chinangwa zochokera ku America, zimene tidya lero. Koma zinanyamulanso ana a anthu mamiliyoni kupita nawo ku ukapolo. Moto womwewo umene uphika nsima utenthanso nkhokwe, ndipo maphunziro opanda kuopa Mulungu ndi kulemekeza munthu mnzako ali ngati nkhwangwa yakuthwa m'manja mwa woledzera.

Tsopano tibwerere kwathu. Kodi pamene Brunelleschi ankamanga denga lake, kuno kunali chiyani? Kunali amisiri a ng'anjo, amene ankadziwa mwala wokhala ndi chitsulo pongouona, naumba ng'anjo ya dothi la pachulu, nasanjikiza makala ndi miyala mwa muyeso wake, nasunga moto usana ndi usiku kufikira chitsulo chitalekana ndi zinyalala zake. Ndipo makasu a Amaravi ankagulidwa kutali. Kunali oomba nsalu za thonje, oumba mbiya, asing'anga odziwa mizu, ndi mafumu oweruza milandu pabwalo mwa nzeru zosalembedwa. Pafupi pomwepa, ku Chongoni m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa, zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Nafenso tinali ndi chikuni chathu. Koma zaka za m'ma 1800 zinadza ndi nkhondo ndi malonda a akapolo. Anthu anasiya madambo achonde nakwera m'mapiri, ndipo phiri limene tikuliona pazenerali linasanduka linga la anthu a Mfumu Mazengera, amene ankalima m'mipata ya miyala, makutu ali kuchigwa. Munthu wothawa sasema mpando. Luso limafuna mtendere monga mbewu ifuna chinyezi.

M'masiku amenewo, m'chaka cha 1889, abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anamanga misasa yawo ku Mvera, ndipo m'chaka cha 1896 Vlok anadzakhazikitsa mishoni pano pa Nkhoma, m'dziko la Mazengera. Anthu anatsika m'phiri. Sukulu za m'midzi zinafalikira, ana ndi akulu omwe akuyamba kulemba ndi chala pamchenga asanagwire sileti. Likulu la mishoni linasamuka ku Mvera kudza kuno, pamodzi ndi makina osindikizira a mtundu womwe uja wa zilembo zosanja ndi manja. Chipatala chinayamba m'chaka cha 1915. Ndipo nyuzipepala ya Mthenga, imene pambuyo pake inalowedwa m'malo ndi Kuunika, inazolowetsa anthu kuwerenga za dziko m'chilankhulo chawo. Koposa zonse, William Murray, pamodzi ndi amishoni a mipingo ina ndi akatswiri a chilankhulo obadwira konkuno, anatha zaka zambiri akuyeza liwu lililonse, mpaka Buku Lopatulika linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, patapita zaka 400 zenizeni chitulukire Chipangano Chatsopano cha Luther. Agogo anga aja ankasunga lawo m'kansalu, pamwamba pa mtanda wa denga pomwe chiswe sichifika, ndipo ankasamba m'manja asanalitsegule. Ndi m'buku limenelo momwe ine ndinaonera koyamba kuti mawu amene timayankhula pamtondo ndi padambo angathe kugona papepala, nadzukanso mawa osasintha.

Ngati mufuna Petrarch wathu, simusowa kuoloka nyanja. Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ino, analemba Nthondo, buku la chaka cha 1933, limene linapambana mphoto pa mpikisano wa olemba m'zilankhulo za mu Africa, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi m'chaka cha 1934, kotero kuti nthawi imeneyo Azungu ndiwo anadza ndi phale kudzapala moto kwa ife. Pambuyo pake Nthara anakhala pansi ndi nkhalamba za m'midzi, nazifunsa za Kalonga, za Undi, za mafuko a Phiri ndi Banda, nalemba Mbiri ya Achewa. Petrarch anafukula akale ake m'nyumba za mabuku. Nthara anawafukula m'mitu ya imvi, imene ikalowa m'manda palibenso woitsegula. Iye anazindikira kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo anafulumira dambolo lisanaume.

Komabe ndinene mosabisa kuti kubadwanso kwathu kunaima panjira. M'changu cha kulandira zatsopano tinataya zambiri zimene zinayenera kuyesedwa poyamba. Ng'anjo zinazizira popanda wolemba kaumbidwe kake, ndipo ambiri amene ankadziwa dzina ndi ntchito ya mtengo uliwonse wa m'phirimu anapita nazo nzeru zawo kumanda. Chichewa chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha fuko m'chaka cha 1968, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja anatuluka m'chaka cha 2000. Koma kufikira lero mwana wofuna kudziwa mmene magazi amayendera m'thupi, kapena chifukwa chake nthaka imaguga, ayenera kuyamba wakwera phiri la Chingerezi. Ku Bunda, kufupi ndi Mitundu, kuli akatswiri a zaulimi ofufuza za mbewu ndi ziweto; pachipatala pano pali odziwa kuchotsa ng'ala m'diso kuti gogo aonenso zidzukulu zake; koma nzeru zimenezi zambiri zikali m'Chilatini cha masiku athu ano, ndipo mayi wogulitsa kabichi pa Nathenje amazimva ngati mabingu a kutali. Chingerezi tichiphunzire ndithu, ndi mtima wonse, pakuti ndilo phale lathu lopalira moto. Koma phale salisiya kwa anansi, amabwera nalo kunyumba.

Chifukwa chake ndikupemphani, ana anga, zinthu zimene mungathe kuyamba sabata lomwe lino. Amene muli ndi agogo amoyo, gulani kope, mukhale nawo pakhonde madzulo, muwafunse mayina a mbewu zakale, kasungidwe ka chakudya m'zaka za njala, mibadwo ya mudzi wanu, ndipo mulembe monga anenera, ndi tsiku lake. Zimene mwamva, kaya kwa agogo kaya m'buku la Mzungu, muziyese ndi maso anu monga anachitira Vesalius, chifukwa safunsa anadya phula. Inu aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi, chimene mwachidziwa bwino chilembeni m'Chichewa chomveka, ngakhale masamba khumi okha. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Inu mafumu ndi amalonda amene Mulungu wakudalitsani, kumbukirani kuti dzina la Medici likutchulidwa lero pa Nkhoma chifukwa cha mabuku ndi amisiri amene analipirira. Mudzi umene utha kusonkha ndalama za maliro ungathenso kusonkha za kabati ya mabuku. Ndipo inu makolo, mwana wamkazi akagwira buku musamulande kuti akatunge madzi nthawi yomweyo, pakuti amene ankasunga moto m'nyumba za makolo athu anali amayi.

Khala likali lofiira pansi pa phulusa, ndipo kunja kwayamba kucha. Gwadani, ana anga, muuzire.